Batire la Galimoto ndi Kasinthidwe Kake

Pa zipangizo zonse za m'galimoto palibe china chimene mwini wake amachiiwala msanga koposa batire. Injini ikadwala imamveka, matayala akatha amaoneka, koma batire limakhala duu m'malo mwake pansi pa boneti, osalira, osatulutsa utsi, kufikira tsiku lina m'mawa pamene dalaivala apotoza kiyi namva kaphokoso kakuti ke-ke-ke, injini osatembenuka. Pamenepo ambiri amathamangira ku sitolo kukagula latsopano, nalimangirira okha ndi sipanala yobwereka. Ntchitoyo si yovuta, ndipo munthu wodekha angathe kuitsiriza pa mphindi 20. Koma ili ndi lamulo lake la mawaya. Wolidziwa amasamba m'manja napitiriza ulendo wake. Wosalidziwa angathe kupsa chala, kutaya diso, kapena kuononga zipangizo za mtengo woposa wa batire lenilenilo.

Kalekale magalimoto analibe batire loyambitsira injini. Dalaivala ankaima kutsogolo napukusa chitsulo chokhota ndi dzanja, ndipo injini ikabwezera mwadzidzidzi, chitsulocho chinkathyola anthu mikono. Batire la mtovu ndi asidi linalipo kale nthawi imeneyo, pakuti Gaston Planté wa ku France analipanga m'chaka cha 1859, ndipo mu 1881 Camille Faure anapeza njira yomata phala la mtovu pa mbale zake, kotero kuti mabatire anayamba kupangidwa ochuluka. Ntchito yake yaikulu ya m'galimoto inayamba mu 1912, pamene kampani ya Cadillac ku America inaika m'magalimoto ake sitata yamagetsi yokonzedwa ndi Charles Kettering. Ngakhale zinatero, magalimoto ena a ku Britain, monga Morris Minor ndi Land Rover, anasungabe chitsulo chopukusiracho zaka zambiri pambuyo pake, ndipo chinapulumutsa apaulendo ambiri kutali ndi galaja. Magalimoto a masiku ano alibe chitsulo chotere. Batire likafa, galimoto yonse yafa nalo.

M'kati mwa bokosi la batire muli zipinda 6 zosalowana. M'chipinda chilichonse muli mbale zopyapyala za mtovu za mitundu iwiri, zoimikidwa mosinthanasinthana, ndipo pakati pa mbale ndi inzake pali chotchinga kuti zisakhudzane. Zonsezo zamizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi wotchedwa sulphuric acid, amene ali pafupifupi limodzi la magawo atatu a kulemera kwa madziwo. Chipinda chimodzi chimapereka ma volts 2.1, ndipo zipinda 6 zolumikizana zimapereka 12.6. Ndicho chifukwa chake batire lotchedwa la ma volts 12, likaonetsa 12 weniweni pa mita, ndiye kuti lataya kale mphamvu yake yambiri. Magalimoto ambiri akale a ku America ndi ku Ulaya anali ndi mabatire a zipinda 3, a ma volts 6, kufikira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Volkswagen yaing'ono ija inakhala nawo kufikira pakati pa zaka za m'ma 1960.

Batire lifanana ndi nkhokwe. Nkhokwe sibala chimanga. Imangosunga chimene munda wabala. Munda wa galimoto ndi chipangizo chozunguzidwa ndi lamba wa injini, chimene kale chinali dayinamo, ndipo tsopano ndi alternator. Poyambitsa injini, sitata imatapa m'nkhokwemo mtanga waukulu nthawi imodzi: ma amps 150 kapena 300 pa masekondi owerengeka, ndi kuposa pamenepo pa injini ya dizilo, pamene nyali imodzi yakutsogolo imamwa ma amps 5 okha. Injini ikalira, alternator imabwezera zimene zatapidwazo pang'onopang'ono. Tsono nkhokwe ikapezeka yopanda kanthu, mlandu sukhala wa nkhokwe nthawi zonse. Mwina yaola pansi, inde. Koma mwinanso munda sunabale, mwina muli makoswe. Mabatire ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa eni ake sanafunse funso limeneli.

Kufa kwa batire kumayamba tsiku lomwe lathiridwa asidi. Likamapereka magetsi, asidi amalowa m'mbale nasanduka pamodzi ndi mtovu mchere woyera wotchedwa lead sulphate, ndipo madzi otsala m'zipinda amasukuluka. Likamadzazidwa, mcherewo umasungunuka, asidi nabwerera m'madzi. Koma batire likakhala masabata lili lopanda mphamvu, mchere uja umauma gwa pa mbale, ndipo sudzasungunukanso wonse. Kuwonjezera apo, phala la mtovu limayoyoka pang'onopang'ono nilidikha pansi pa chipinda ngati matope. Matopewo akakwera kufikira kukhudza mbale za mitundu yonse iwiri, chipindacho chafa, ndipo palibe mankhwala ochiukitsa. Misewu ya mabampu imafulumiza kuyoyokako, makamaka ngati batire silinamangidwe zolimba. Pa zifukwa zimenezi batire lambiri limakhala zaka 3 kufikira 5.

Mdani wamkulu koposa onse ndi kutentha. Kumaumitsa madzi m'zipinda, ndipo kumadya timizere ta mtovu togwira phala lija. Galimoto yogwira ntchito ku Nsanje ndi Chikwawa, ku Tete, kapena m'chigwa cha Luangwa, kumene mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, imatha batire msanga koposa inzake ya ku Dedza. Opanga magalimoto a ku Britain ankazidziwa bwino zimenezi. M'mabuku awo ankalangiza kuti ku maiko otentha asidi akhale wosukuluka pang'ono: pomuyeza ndi kachipangizo kagalasi kotchedwa hydrometer, batire lodzaza lionetse pafupifupi 1.22, pamene kwawo kozizira linkaonetsa pafupifupi 1.28. Chodabwitsa n'chakuti batire lophedwa ndi dzuwa la October kawirikawiri limakagwa m'mwezi wa June kapena July. M'nyengo yozizira mafuta a injini amalimba, injini nilemera kuitembenuza, ndipo batire lenilenilo limapereka mphamvu yochepa. Chisanu chimangoulula matenda amene kutentha kunabzala.

Batire silifa osatsanzika. Masabata angapo lisanagwe, sitata imayamba kukoka mwaulesi m'mawa, nyali zimafiira injini ikakhala phee niziwala ikapondedwa moto, ndipo mwina m'mbali mwa bokosi mumatupa. Dalaivala woona zimenezi nangoti tiona mawa akumbuke kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Kuli bwino kusintha batire pabwalo la nyumba yake masana kusiyana ndi kulisintha usiku pakati pa msewu wa Kasungu ndi Mzimba.

Koma asanatulutse ndalama ayambe wafufuza. Choyamba ndi mitu iwiri ya batire, pamene pamangidwa mawaya. Ngati pamitupo pamera ufa woyera kapena wobiriwira, kapena ngati chomangira chikuzungulira pochigwedeza ndi dzanja, magetsi ochuluka sangathe kudutsa, ngakhale batire likhale latsopano. Magalimoto osawerengeka adzuka ndi kupala mitu kokha. Pambuyo pake ayatse nyali zakutsogolo, wina apotoze kiyi. Nyali zikazirala kufikira kuzima, batire ndilo lafooka, kapena mitu sinagwire. Zikakhalabe zowala, sitata ili chete kapena ingoti ke, matenda ali ku sitata kapena ku mawaya ake, ndipo batire latsopano silidzathandiza kanthu.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi, kachipangizo kotsika mtengo koposa batire, angathe kudziwa zambiri. Galimoto itapuma maola angapo, batire lodzaza limaonetsa ma volts 12.6, likaonetsa 12.2 lili pakati. Likatsika pansi pa 12 latsala pang'ono kuuma. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pafupifupi 14. Ikaonetsa pansi pa 13, munda ndiwo sukubala: mwina lamba wakhwepa, mwina alternator yafa, ndipo batire latsopano lidzauma m'masiku owerengeka monga linauma lakale. Ikapitirira 15, batire likuphikidwa. Madzi ake amatha msanga ndipo pamamveka fungo la dzira loola. Makoswe aja ndi tinthu timene timamwa magetsi galimoto ili chiimire: kanyali ka m'buti kosazima, wailesi yolumikizidwa molakwa, alamu yoika pambuyo. Batire louma chifukwa cha zotere lingofunika kudzazidwa usiku umodzi ndi makina odzazira. Koma limene ladzazidwa bwino, ndipo m'mawa mwake lapezeka litagwanso mawaya ali ochotsa, limenelo lathadi.

Pogula latsopano, safunsa anadya phula. Batire liyenera kulingana ndi lakale pa zinthu zingapo, ndipo njira yapafupi ndiyo kulemba manambala a pa lakale kapena kupita nalo ku sitolo. Kukula kwa bokosi kulingane ndi malo ake, pakuti lalitali lingakhudze boneti. Kuchuluka kwa mphamvu yosungidwa, kumene kumalembedwa ndi zilembo za Ah, kusachepe: galimoto yaing'ono imafuna 35 kapena 45, ndipo ya dizilo yonyamula katundu 70 kufikira 100. Nambala ina, ya CCA, imanena ma amps amene batire lingapereke pa masekondi 30 m'chisanu cha madigiri 18 pansi pa ziro. Chisanu chotere kulibe m'maiko a kuno, komabe nambalayo imasonyeza nyonga ya batire pokankha sitata, ndipo yaikulu ndiyo yabwino.

Chimene ogula amalakwitsa kawirikawiri ndi mbali ya mitu. Magalimoto ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo mabatire ake ali ndi manambala monga 46B24L. Chilembo cha B chimanena kufupika ndi kutambalala kwa bokosi, 24 ndi utali wake m'masentimita, ndipo L kapena R yakumapeto imanena mbali imene mitu yakhalira. Wogula R m'malo mwa L amakapeza kuti mawaya safika, ndipo ena potero amalitembenuza kapena kukoka mawaya mwamphamvu, ndiye chiyambi cha ngozi. Mitu ya mabatire a B ndi yoonda koposa ya mabatire aakulu, choncho zomangira za galimoto ina sizigwira. Ayang'anenso tsiku limene linapangidwa, pakuti batire lothiridwa kale asidi limakalamba lili pa shelefu. Lokhala m'sitolo kupitirira miyezi 6 si latsopanonso, ngakhale bokosi lake linyezimire. Risiti ndi pepala la chitsimikizo azisunge pouma.

Tsono ntchito yeniyeni. Galimoto iime pamalo osatsetsereka ndi opita mphepo, buleki yamanja ili yokoka, injini ndi nyali zonse zili zozima. Kiyi atulutsidwe ndi kuikidwa m'thumba, chifukwa magalimoto ena amadzikhoma okha zitseko magetsi akabwerera, kiyi natsekeredwa m'kati. Fodya ndi machesi zikhale kutali. Batire limatulutsa mpweya wotchedwa hydrogen, makamaka likangodzazidwa kumene. Mpweyawo suoneka ndipo sununkha, koma ukangokwana magawo 4 pa 100 a mpweya wa pamalopo, kamoto kakang'ono kangathe kuuphulitsa, bokosi nkusweka, asidi nkuwazikira kumaso. Woyang'ana madzi a m'batire ndi machesi usiku amasewera ndi maso ake. Magalasi oteteza maso ndi magolovesi n'zofunika, ndipo ndowa ya madzi oyera ikhale pafupi. Asidi akagwera m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena 20 osalekeza, ndipo pambuyo pake munthuyo apite naye ku chipatala. Mphete, wotchi yachitsulo ndi zibangili zivulidwe.

Chifukwa chovulira mphete n'chimodzimodzi ndi chifukwa cha lamulo la mawaya, ndipo ndi pano pamene munthu ayenera kumvetsa, osangoloweza. Batire lili ndi mitu iwiri: wina wa chizindikiro cha mtanda, +, wonenepa pang'ono, umene waya wake amakhala wofiira kawirikawiri, wina wa kamzere, −, woonda. Amakaniko amati pozitivi ndi negetivi. Magetsi sayenda ngati njira yake siichoka pa mutu wina ndi kukafika pa mutu unzake. Opanga magalimoto, pofuna kusunga mawaya, sanapereke mawaya awiri kwa nyali iliyonse. Anatenga waya mmodzi wamfupi ndi wonenepa, namumanga kuchokera pa mutu umodzi wa batire kupita pa chitsulo cha thupi la galimoto. Waya ameneyu ndiye amatchedwa ethi. Chifukwa cha iye, thupi lonse la galimoto, injini, boneti, ndi bawuti aliyense ndi mbali ya njira ya magetsi. Munthu woweramira pa injini wazingidwa ndi mutu umodzi wa batire kumbali zonse.

Tsono taganizani za sipanala imene yagwira nati wa pa mutu winawo, ethi ali chimangire. Dzanja likaterereka, mchira wa sipanala nukhudza chitsulo chilichonse chapafupi, mitu iwiri ya batire yalumikizana popanda chotchinga. Ma amps mazanamazana amathamanga m'sipanalamo nthawi yomweyo. Moto umathetheka, chitsulo chimafiira, mwina sipanala imamatirira pomwepo osachoka, ndipo zonsezi zikuchitika pamwamba penipeni pa zipinda zotulutsa hydrogen. Ma volts 12 sagwira munthu monga amachitira magetsi a m'nyumba. Wina angathe kukhudza mitu yonse iwiri ndi manja ouma osamva kanthu. Choopsa ndi kutentha. Mphete yokhala pakati pa sipanala ndi chitsulo imafiira pa kamphindi, ili pa chala.

Koma sipanala ikayamba ndi mutu wa ethi, palibe chochitika ngakhale ikhudze thupi la galimoto, pakuti mutuwo ndi thupilo n'zolumikizana kale, zili ngati chitsulo chimodzi. Ethi akachoka, njira yaduka, ndipo thupi la galimoto lasanduka chitsulo wamba. Tsopano sipanala ingagwire mutu winawo ndi kukhudza injini popanda moto. Lamulo ndi limeneli: pochotsa, ethi ayambe; pobwezera, ethi atsirize. Chotsala n'kusamala kuti sipanala isagone pa mitu yonse iwiri nthawi imodzi, ndipo chifukwa cha ichi pamwamba pa batire si poika zitsulo.

Anthu ambiri analoweza kuti negetivi ndiye woyamba, ndipo pa magalimoto a masiku ano akunena zoona, chifukwa ethi ali pa mutu wa kamzere. Koma sizinali chomwecho nthawi zonse. Magalimoto ambiri a ku Britain amene anadzaza misewu ya Nyasaland ndi ya maiko awiri a Rhodesia, a Austin, a Morris ndi a Land Rover, anali ndi ethi pa mutu wa mtanda kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ena a iwo, pamodzi ndi mathirakitala akale, akadalipo m'mafamu ndi kwa osunga magalimoto akale. Pa galimoto yotere woloweza uja amachita chimene ankachithawa. Choncho munthu asakhulupirire mtundu wa waya, pakuti amakaniko akale anasintha mawaya ambiri ndi amene anali nawo pafupi. Alondole ndi maso kuti ndi waya uti amene wathera pa chitsulo cha thupi.

Pa magalimoto ambiri nati wake amafuna sipanala ya 10. Akamasulidwa, chomangira chipotozedwe uku ndi uku kufikira chitazuka. Kuchimenya ndi hamala kapena kuchikanula ndi chitsulo kumathyola mutu wa batire m'kati. Waya wochotsedwayo apindidwire kumbali ndi kukulungidwa ndi kansalu, kuti asabwerere yekha pamutu. Pambuyo pa mawaya onse awiri, chitsulo chopanira batire chimasulidwe, ndipo batire linyamulidwe choongoka ndi manja awiri. Limalemera makilogalamu 12 kufikira 20, ndipo likapendekeka asidi amadontha nabowola zovala. Pamalo pamene linakhala patsukidwe ndi madzi osungunulamo soda, yemwe uja wophikira therere, amene amapha ukali wa asidi; thovu likaleka, patsukuluzidwe ndi kuumitsidwa. Zomangira zipalidwe m'kati ndi burashi yawaya kufikira zitawala. Madzi a sodawo asalowe m'zipinda za batire, pakuti m'menemo asidi ndiye moyo.

Latsopano likakhala pamalo pake, munthu aime pang'ono nayang'ane kawiri zizindikiro za mitu asanakhudzitse waya aliyense. Kutembenuza mitu sikupatsa mpata wokonza. Dayinamo yakale inkapirira, koma alternator, imene inayamba kuikidwa m'magalimoto wamba ndi kampani ya Chrysler mu 1960, ili ndi tizipangizo tolola magetsi kupita mbali imodzi yokha, ndipo timapsa pa kuphethira kwa diso, pamodzi ndi mafyuzi, wailesi, mwinanso kompyuta ya injini. Zonse zikakhala bwino, chitsulo chopanira chimangidwe choyamba kuti batire lisagwedezeke. Kenaka amange waya wosapita ku thupi, nabwezere chivundikiro chake chofiira. Potsiriza amange ethi. Kamoto kakang'ono kangaoneke ethi akakhudza mutu, chifukwa wotchi ndi kompyuta zikumwa pang'ono. Koma moto waukulu ukunena kuti china chayaka kapena chalakwika, ndipo waya achotsedwe msanga. Nati alimbe kufikira chomangira chitaleka kuzungulira, osapitirira apo, pakuti mtovu ndi wofewa. Mafuta a Vaseline apakidwe pamwamba zonse zitamangidwa. Injini ikalira, kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kayenera kuzima. Wotchi idzafuna kukonzedwa, ndipo mawailesi ena amafunsa nambala yachinsinsi, imene mwini galimoto akanachita bwino kuipeza ntchito isanayambe.

Pali chizolowezi china chofala m'madepoti a minibasi ndi m'magalaja a m'mbali mwa msewu chimene chiyenera kutsutsidwa poyera. Galimoto ikakana kulira, amabwereka batire la mnzawo, nayambitsa injini, ndipo injini ili chilirire amazula batire lobwerekalo nabwezera lakufa lija. Enanso amazula waya dala pofuna kuona ngati alternator ikugwira ntchito. Nzeru imeneyi inachokera m'masiku a dayinamo, pamene m'galimoto munalibe china choposa nyali, hutala ndi koyilo. Batire limagwiranso ntchito yonga ya damu, yomeza madzi osefukira. Likachotsedwa alternator ili m'kati modzaza, mphamvu ya magetsi imalumpha kupitirira kutali ma volts 14 pa kamphindi, ndipo chimene chimamwa chigumulacho ndi kompyuta. Kuti galimoto ina inapulumuka dzulo sikutanthauza kuti inzake idzapulumuka lero. Njira yabwino ndi mawaya olumikizira mabatire awiri onse ali m'malo mwake, ndipo waya wotsiriza agwire pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire, kuti kamoto kake kasakumane ndi mpweya uja.

Malole aakulu ndi mabasi amayendera ma volts 24, ochokera m'mabatire awiri olumikizana motsatana. Limodzi likafa, ndi bwino kusintha onse awiri, chifukwa latsopano lomangidwa goli limodzi ndi lokalamba limakalamba nalo msanga. Magalimoto amene amazimitsa injini okha akaima pa maloboti amafuna mabatire a mtundu wa AGM kapena EFB, ndipo batire wamba silikhalitsamo. Ena a iwo amafunanso kuti kompyuta iuzidwe ndi makina a ku galaja kuti batire lasinthidwa. Magalimoto oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Prius, imene inatuluka mu 1997, ndi Toyota Aqua, ali ndi mabatire awiri. Laling'ono la ma volts 12 limasinthidwa monga tafotokozera, ngakhale limabisika kumbuyo kapena pansi pa mpando. Lalikulu lili ndi ma volts oposa 100, mawaya ake ndi a mtundu wa lalanje, ndipo limapha munthu. Limenelo ndi la amisiri ophunzitsidwa okha.

Batire la zitsekerero zotsegula liyang'anidwe kamodzi pa mwezi, ndipo kawiri m'nyengo yotentha. Madzi aphimbe mbale, koma asadzaze kufikira kukamwa. Othira ndi madzi otchezedwa ogula m'botolo. A pachitsime kapena a pampopi ali ndi mchere umene umaononga mbale. Asidi sawonjezedwa, pakuti chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala. Galimoto yoti iima mwezi wathunthu ichotsedwe ethi.

Latsala batire lakale. M'midzi yambiri limapeza ntchito yachiwiri, yoimbitsa wailesi, kuyatsa nyali kapena kusunga magetsi a dzuwa, ngakhale kuti silinapangidwire kuuma ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, ndipo silikhalitsa. Likatheratu, pamabwera ofuna mtovu wake: asodzi opangira zolemetsa maukonde, ndi ogula zitsulo zakutha. Amaliswa ndi nkhwangwa, asidi natayidwa pansi, mbale nizisungunulidwa pa mbaula kuseri kwa nyumba. Utsi ndi fumbi la mtovu zimalowa m'magazi, ndipo amene amavulala koposa ndi ana aang'ono, okwawa pansi ndi kuika zala m'kamwa; mtovu umaononga ubongo wawo, ndipo chimene chaonongeka sichibwerera. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa November 2007 ndi March 2008, chifukwa anthu a kumeneko ankaswa mabatire ndi kusefa dothi la pamalopo kuti apeze mtovu wogulitsa. Mtovu suola m'nthaka. Ku Kabwe, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma zaka zambiri pambuyo pake ana a m'makomboni oyandikana nawo anapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Masitolo ambiri ogulitsa mabatire amalandira lakale nachotserako mtengo wa latsopano, chifukwa mtovu wake ndi bokosi lake zimasungunulidwa ku fakitale ndi kupangidwanso batire lina. Wopita nalo aliimike choongoka m'katoni kapena m'beseni lapulasitiki, zitsekerero zili zotseka, aliike m'buti kutali ndi ufa ndi zakudya zina, ndipo akalitula asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.